Nyenyezi yomwe inaonedwa ndi munthu wa matelegalamu

"Ankolo, mumati mumatsikira pa siteshoni ya Observatory. Nanga observatory-yo munaionako?"

Uthenga umenewu unandipeza pa WhatsApp ndili m'sitima yopita kuntchito. Unachokera kwa mwana wa mchemwali wanga, mtsikana wa Fomu 3 ku Ntcheu, yemwe ndimamulipirira fizi. Ndinachita manyazi. Zaka zisanu ndakhala ndikutsuka mbale mu lesitilanti ina ku Observatory, dera la mu Cape Town, koma dzinali ndinkaliona ngati Ndirande kapena Kawale basi. Chinandivuta kwambiri n'chakuti teremu yapitayi mtsikanayu anandiuza kuti akufuna kusiya fizikisi, ati ndi phunziro la anyamata komanso labu ya pasukulu pawo ilibe kanthu. Ndinalibe mawu omubwezera. Inenso fizikisi ndinaithawa.

Tsiku lina Loweruka ndinasinthana shifiti ndi mnzanga wa ku Zimbabwe. Malowa amatsegulira anthu wamba madzulo a Loweruka lina, ndipo kuchokera pa siteshoni ndi ulendo wa pansi. Ali pa kachitunda pakati pa mitsinje iwiri, Liesbeek ndi Black River. Ukangolowa pageti phokoso la magalimoto limatsalira m'mbuyo, n'kuyamba kumva achule. Boma la Britain linakhazikitsa malowa mu 1820 n'cholinga chothandiza sitima zapanyanja kudziwa nthawi ndi njira. Mpaka lero mfuti yaikulu ya pa Signal Hill, yomwe imatidzidzimutsa 12 koloko masana, imalira ndi chizindikiro cha nthawi chochokera kuno.

Tinalipo anthu ambirimbiri, makolo ndi ana, ine ndekha ndili ndi fungo la sopo wa mbale. Wotiyendetsa anatilowetsa m'nyumba ya denga lozungulira momwe muli telesikopu ya McClean, yomwe Frank McClean anapereka cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1890. Galasi lake lalikulu ndi mainchesi 24. Koma chimene ana anakuwira si telesikopu ayi, ndi pansi pomwe tinaponda. Pansipo pamakwera ndi kutsika ngati lifiti, kuti woyang'ana afike pomwe pali diso la makinawo. Ndinagwira chitsulo, kunena zoona.

Pamenepo ndi pomwe ndinamva nkhani ya bambo wina dzina lake Watson. Sanali pulofesa. Ankagwira ntchito ya matelegalamu ku Beaufort West, tauni ya m'chipululu cha Karoo yomwe mabasi ochokera ku Joni amaimapo tonse tili m'tulo. M'mamawa wa pa 25 May 1925 anakweza maso n'kuona nyenyezi pamalo pomwe panalibe nyenyezi. Tangoganizani kuudziwa mlengalenga mpaka kuzindikira kuti pabwera mlendo! Nyenyeziyo anaitcha Nova Pictoris, ndipo pofika pa 9 June inali m'gulu la nyenyezi zowala kwambiri kumwamba.

Mawu oti nova ndi Chilatini, kutanthauza chatsopano. Koma nyenyeziyo siikhala yatsopano. Imakhala ilipo kale, yosaoneka ndi maso, kenaka n'kuwala mwadzidzidzi kuwirikiza masauzande ambiri, n'kuzilalanso pang'onopang'ono. Funso linali lakuti chimachitika n'chiyani, ndipo chithunzi wamba sichikanayankha, chifukwa chimangoonetsa kadontho.

Nzeru yake inali kuswa kuwalako. Mukadutsitsa kuwala pa galasi la ngodya zitatu kumamwazika ngati utawaleza, ndipo mu utawalezawo mumaoneka timizere, tina takuda tina towala. Mpweya uliwonse uli ndi timizere take, ngati chidindo cha chala pa chiphaso. Mu 1866 William Huggins ku London anayang'ana nova ina mwa njira imeneyi ndi maso ake, n'kuona mizere yowala ya haidulojeni. Koma diso limatopa ndipo silisunga kanthu. Kujambula kunayamba ndi Nova Aurigae, yomwe Thomas Anderson, wokonda nyenyezi wa ku Edinburgh, anaiona kumayambiriro kwa 1892. Ku Harvard, ku America, Williamina Fleming, mayi yemwe anayamba ngati wantchito wa m'nyumba kwa mkulu wa malowo, anafika pozindikira nova pongoona mizere yake pa galasi. Mu 1893 anatulukira Nova Normae pa chithunzi chojambulidwa ku Peru. Dzina la mayiyu ndinalilemba pa foni nthawi yomweyo. Mukudziwa kale yemwe ndinkamulembera.

Pajatu kujambula kwa nthawi imeneyo sikunali kodina kamodzi. Ankagwiritsa ntchito magalasi opakidwa mankhwala, ndipo munthu ankakhala mumdima nthawi yaitali akuonetsetsa kuti nyenyezi isasunthe pa kampata ka makina. May ndi June ku Cape ndi dzinja la mvula ndi mphepo yolowa m'mafupa. Ine ndimadandaula ndili m'khitchini motentha. Akatsuka galasilo ankapeza kamzere kotuwa, kaafupi ngati chala, n'kumakayeza pa maikulosikopu. Umu ndi momwe Joseph Lunt anajambulira Nova Pictoris ndi telesikopu yomwe ndinaima pansi pakeyi, ndipo Harold Spencer Jones, mkulu wa malowa pa nthawiyo, anasindikiza kafukufuku wake mu 1931.

Anapezamo chiyani? Mizere yakuda inali itasunthira ku mbali ya buluu. Mwamvapo momwe kulira kwa ambulansi kumakwerera ikamabwera n'kutsika ikadutsa. Kuwala nakonso kumatero. Kusunthako kunaonetsa kuti mpweya ukuthamangira kwa ife pa liwiro la makilomita mazanamazana pa sekondi imodzi. Mu 1892 ena ankaganiza kuti ndi nyenyezi ziwiri zomwe zawombana kapena kudutsana pafupi. Mu 1925 Johannes Hartmann, ali ku Argentina, anatumiza telegalamu yaifupi yonena kuti nyenyezi imafufuma n'kuphulika. Anayandikira, koma nkhani yonse inadziwika m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960: zimakhala nyenyezi ziwiri zozungulirana pafupi kwambiri. Imodzi ndi yaing'ono, yolemera koopsa, ndipo imayamwa haidulojeni wa inzakeyo mpaka woundanayo ataphulika. Zonse ziwiri zimapulumuka. Za Nova Pictoris zimazungulirana kamodzi pa maola atatu ndi theka, osakwana ngakhale theka la shifiti yanga.

Titatuluka panja ndinapempha wotiyendetsa kuti andilozere pomwe inali. Analoza chakumwera, pafupi ndi nyenyezi yowala ya Canopus, yomwe ku Ntcheu imaoneka bwino kuposa kuno kodzadza magetsi. Pamalopo panalibe chooneka. Inazilala kalekale, imafuna telesikopu.

Ndili pa siteshoni ndinajambula voisi ya mphindi zisanu ndi imodzi, ndikusokoneza mayina, ndikubwereza za ambulansi kawiri. Yankho linabwera Lolemba, mayi ake atagula bandulo.

"Ankolo, ndamvera. Koma ngati mpweya wina ukubwera kwa ife, wa kuseri kwa nyenyeziyo ukuthawa, eti? Ndiye mizere yake ikhala mbali iti?"

Limenelo sindinafunse. Ndapemphanso mnzanga uja kuti tisinthane shifiti.