Kamphira kamene kamanjenjemeretsa chiwongolero

Mapikiapu amene ndinakulira ankatigwedeza mpaka m'mafupa. Hilux yakale ndi Land Cruiser ya nthawi imeneyo zinkakhala pa masipuling'i azitsulo zosanjikizana, kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Ukakwera matola kuchokera kumsika, dzenje lililonse unkalimva pamsana. Koma zitsulo zimenezo zinkagwira ntchito ziwiri: kunyamula katundu, komanso kugwira difu kuti isasunthire kumanja kapena kumanzere. Palibe chitsulo china chinkafunika kuti matayala akhale pakati pa galimoto.

Kenaka kunabwera masipuling'i opiringizika aja timati makoyilo. Land Rover inawaika pa One Ten mu 1983, ndipo Toyota inawaika kutsogolo kwa Land Cruiser 79 mu 1999, pikiapu imene lero yadzaza m'maesiteti ndi m'mabungwe. Msana unapuma. Vuto la koyilo ndi lakuti imanyamula kulemera basi, siitha kuletsa difu kuyenda chammbali. Ntchito imeneyo anaipatsa chitsulo chopingasa chimene chimagwira chasisi mbali imodzi ndi difu mbali inayo. Aku America amachitchula track bar, ena amati Panhard rod potengera kampani ya ku France imene inachitchukitsa. Kunsonga kwake kuli mabushi amphira, ndipo kuwongoka kwa galimoto yonse kwatsamira pa timphira timeneti.

Amalume anga, amene ankakonza magalimoto pansi pa mtengo wa mango, sankafuna makina kuti adziwe bushi yotha. Galimoto ili pansi ndi matayala onse, ankauza mnyamata wawo kuti, “Iwe, kwera ugwedeze chiwongolero uku ndi uku, usafulumire.” Iwo ankagona chagada, dzanja lili pansonga ya chitsulocho. Chitsulo chikasuntha bawuti isanasunthe, nkhani yatha. Mwini galimoto amakhala atanena kale zizindikiro: kugogoda akaponda dzenje, galimoto kusochera pamsewu ngati mbuzi yosamangidwa, ndipo choopsa koposa, chiwongolero kunjenjemera mwamphamvu ukagunda bampu uli pa liwiro, osaleka mpaka utachepetsa kwambiri kapena kuima. Ku America madalaivala a Jeep ndi a mapikiapu akuluakulu a Ram ndi Ford amalidziwa bwino vuto limeneli, ndipo track bar ndi malo oyamba kuyang'ana.

Kuchotsa bushi yakale kunali nkhondo. Pulesi analibe. Ankayatsa moto n'kuotcha mphira mpaka kachitsulo ka m'kati katagwa, utsi wakuda uli tolotolo, kenaka n'kulowetsa sowo m'bowomo kudula chikombole chakunja mosamala kuti asacheke chitsulo chenicheni. Yatsopano ankailowetsa ndi vayisi ndi soketi yaikulu. Ikasowa, ankasema ina kuchokera ku tayala lakale la lole. Sindikuitamanda bushi yosemayo. Inkangokufikitsa kunyumba, ndipo amalume ankamuuza mwini wake mosabisa kuti, “Bwana, iyi ndi yoti muyendere pofuna yeniyeni, musaiwale.”

Lero zinthu zatembenuka. Kale bushi inkasowa koma ukaipeza inali yeniyeni. Lero ku Ndirande kapena kwa Malangalanga ku Lilongwe uipeza tsiku lomwelo, m'mabokosi okongola, pamitengo yosiyanasiyana, ndipo wogulitsa amakufunsa ngati ukufuna “yoyambirira” kapena “inayo”. Maso sangasiyanitse. Msewu wafumbi ndiwo umasiyanitsa, mphira ikang'ambika mvula isanathe. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, ambiri anathamangira “inayo”, ndipo sindingawadzudzule. Kwabweranso mabushi a polyurethane, ofiira kapena achikasu, amene amalowa ndi manja m'zidutswa ziwiri ndipo mafuta a injini sawawononga msanga. Koma ndi olimba, amafuna girisi, ndipo akauma amalira. Pa magalimoto ena, monga Ram zakale, nsonga imodzi si bushi koma ball joint, choncho ikatha anthu ambiri amangogula chitsulo chonse.

Chimene chimandidetsa nkhawa si mabokosiwo ayi. Ndi chakuti ntchito yafulumira kuposa nzeru yake. Mnyamata wa lero ali ndi foni, amaonera pa YouTube, ali ndi pulesi ndi mfuti ya mphepo yomasulira mabawuti. Ntchito imene inkatha tsiku lonse amaimaliza dzuwa lisanafike pamutu, ndipo zimenezo n'zabwino. Koma kangapo ndaona akumangitsa bawuti galimoto ili pa jeke, difu ikulendewera. Bushi yamphira siizungulira pa bawuti. Mphirayo inamatidwa ku zitsulo zake ziwiri, ndipo imangopotoka pang'ono galimoto ikamakwera ndi kutsika. Ukaimanga difu ili lende, galimoto ikatsitsidwa pansi mphirayo imayamba moyo wake ili yopotoka kale. Ngakhale bushi yeniyeni singakhalitse. Mwini galimoto amabwerera kukatukwana wogulitsa, pamene cholakwa chinachitikira pansi pa galimoto.

Palinso bowo la bawuti. Bawuti ikayenda nthawi yaitali ili yosamangika bwino, imadya bulaketi mpaka bowo lozungulira limasanduka lotalika. Ikani bushi yatsopano yamtengo wapatali, kugogoda sikuchoka. Amalume ankalowetsa chala m'bowomo asanaike kanthu, ndipo likakhala lodyeka ankawotcherera wachala wokhuthala kuti libwerere mwakale. Mabowo akakana kulunjikana pobwezera chitsulo, sankamenya ndi hamala. Ankangouza mnyamata kuti apotoze chiwongolero pang'onopang'ono, thupi la galimoto n'kusunthira pamwamba pa difu, bawuti n'kulowa yokha.

Ine ndikapita ndi galimoto ku garaja masiku ano, sinditsutsana ndi makaniko za mtundu wa bushi, poti amaona zambiri kuposa ine. Ndimangopempha kuti, “Achimwene, tsitsani kaye pa jeke, mumange ili pansi.” Ena amaseka n'kuchita. Ena amafunsa chifukwa chake, ndipo amenewo ndi amene ndimawapatsanso ntchito ya mabuleki.