Girizi m'zikhadabo: zimene ndinapeza kuseri kwa nyumba ku Katete

Aliyense amene amayenda pa msewu wa Great East kuchoka ku Lusaka kulowera ku Chipata amadziwa kuti ukangodutsa Petauke njinga zimayamba kuchuluka. Pofika ku Sinda ndi ku Katete zimakhala zili ponseponse. Ina yasenza matumba a makala, ina mbuzi yomangidwa pa keliyala, ina mayi wobereka khanda akuthamangira kusikelo. Pakati pa izo pakudutsa njinga zamoto, ndipo m'mbali mwa phula ngolo za ng'ombe zikukwekwereza chimanga ndi soya kupita kumsika. Zonsezi zimayenda pa fumbi, pa miyala ndi pa minga, zitanyamula katundu wopitirira muyeso. Zimathyoka, zimaphwa, zimakana kulira. Koma kukacha umaziona zili pamsewu. Ndani amazidzutsa?

Yankho ndinalipeza chaka chino. Mwambo wa Kulamba utatha ku Mkaika kumapeto kwa Ogasiti, anzanga onse anabwerera ku tauni, ine n'kutsalira kwa atsibweni, m'mudzi wina kunja kwa boma la Katete. Ntchito yanga ndi ya mapepala ndi kompyuta, ndipo sipanala ndinali ndisanaigwirepo. Ndinachoka kumeneko mtima wanga utagwidwa ndi zitsulo.

Atsibweni ndi mlimi wa mtedza ndi mpendadzuwa, si makanika. Komabe pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba yawo pali chitsa chodetsedwa ndi oyilo, ndipo m'nyumba muli bokosi lamatabwa limene ana saligwira popanda chilolezo. Muli masipanala atatu kapena anayi, pulayazi, hamala, kakiyi komangira masipoko, chitini cha girizi, kabotolo ka timipira tachitsulo ta m'habu ndi zidutswa za chubu chakale zodulidwa mozungulira. M'mawa wina anatulutsa njinga yawo, n'kuigadamitsa chishalo pansi, n'kundiitana.

"Mphwanga, bwera uone. Gudumu ili likuvina."

Analipukusa, ndipo zoonadi limu inkapita uku ndi uku, kukhula buleki pa malo amodzi. Ndinkaganiza kuti atenga hamala. Iwo anatola kakala ka pamoto, n'kukagwira cholimba pa foloko, nsonga yake itatsala pang'ono kukhudza limu. Gudumu likuzungulira, kakala kaja kankalemba mzere wakuda pokhapokha pamene limu yapindikira. Atatero anandionetsa chinthu chimene maso anga anali asanachizindikire: masipoko sachokera mbali imodzi ya habu. Amasinthana, lina kumanja, lina kumanzere, ndipo limu imaima mowongoka chifukwa mbali ziwirizi zikukokana mofanana. Pamene pali mzere wakuda, umamasula pang'ono masipoko a mbali imene limu yapendekera, n'kumanga a mbali inayo. Supotokola kwambiri, gawo limodzi la magawo anayi a mzunguliro basi, kenako upukusenso gudumu.

Anandipatsa kakiyi kaja. Ndinamanga, ndinamasula, ndinapukusa. Mzere wakuda unafupika, n'kufupikanso. Atsibweni ankadutsa chala pa masipoko limodzilimodzi, khutu lili pafupi. Lolimba bwino limalira mokweza, lolobodoka limangoti phwa. Nditafuna kupotokola kawiri nthawi imodzi kuti ntchito ithe msanga, anandigwira dzanja.

"Kuona maso a nkhono n'kudekha, mphwanga."

Dzuwa lisanafike pamutu, gudumu linazungulira lili nji, kakala kosalembanso kanthu. Chimwemwe chimene ndinamva sindinachimvepo muofesi. Ndinali nditamvetsa chifukwa chimene chinthu chinalakwikira, ndipo zala zanga zomwe zinachibwezera m'malo.

Kenako tinatsegula habu ya kumbuyo. Mkati munali girizi wakale wosanganikirana ndi mchenga, wakuda bii. Atsibweni anayala nsalu pansi kuti timipira tisatayike m'dothi, tinatitsuka m'parafini, n'kutiyang'ana kamodzikamodzi padzuwa. Kamene kali ndi kabowo kapena kachita mawanga, kutaya. Anapaka girizi watsopano m'kapu ya habu, n'kusanja timipira zisanu ndi zinayi mbali iliyonse, girizi yemweyo akutigwira kuti tisagwe. Luso lenileni lili pomanga koni. Ukamangitsa, gudumu limalemera ndipo timipira timadyeka, ukalekerera, limagwedera. Malo oyenera ali pakati, ndipo palibe chida chowayezera kupatula zala. Tsiku lomwelo ndinaphunziranso kuti pedulo ya kumanzere imamasuka mobwerera, mosiyana ndi manati ambiri, ndipo anaipanga dala chotero kuti isamadzimasule munthu akupalasa. Wina, kalekale, kutali kwambiri ndi Katete, anaganizira za phazi la wopalasa mpaka pamenepo.

Njinga ya maonekedwe amene tonse tikuwadziwa, ya magudumu pafupifupi ofanana ndi tcheni chokoka la kumbuyo, inatchuka ndi John Kemp Starley wa ku Coventry mu 1885, ndipo tayala lopopa mpweya linabwera ndi John Boyd Dunlop mu 1888. Kuchigawo cha kum'mawa kwa Zambia inapeza kwawo. M'nthawi ya Kenneth Kaunda boma linatsegula fakitale ya Luangwa Industries ku Chipata, imene inkatulutsa njinga za Eagle, ndipo akuluakulu amalitchulabe dzinali mwaulemu. Masiku ano m'midzi muli njinga zambiri za Buffalo za bungwe la World Bicycle Relief, lomwe linayamba mu 2005. Ntchito yake yoyamba m'Zambia inali kugawa njinga 23,000 kwa anthu odzipereka osamalira odwala edzi m'midzi. Buffalo ili ndi keliyala yopangidwira makilogalamu 100, ndipo buleki yake ya kumbuyo imagwira ukapondera pedulo mobwerera. Bungweli linazindikira msanga kuti njinga yopanda woikonza ndi mphatso ya miyezi yochepa, choncho limaphunzitsanso amakanika a m'midzi momwemo. Nzeru imeneyi atsibweni anali nayo kale m'bokosi lawo.

Ku Sinda ndinakachezera msuweni wanga, mayi wa ana atatu amene amagula mtedza m'midzi n'kukagulitsa pamsewu. Amayendera njinga yamoto, ndipo m'mawa umene ndinkati andiperekeze, inakana kulira. Anaponda kiki kangapo, zii. Sanaitane munthu. Anamanga chitenje m'chiuno, n'kutulutsa zitsulo pansi pa chishalo.

"Asuweni, injini imafuna zinthu zitatu: moto, mafuta ndi mpweya. Tizifunsa chimodzichimodzi."

Anayamba ndi moto. Anamasula pulagi, n'kuibwezera pa waya wake, n'kuigunditsa pa chitsulo cha injini, ine n'kuponda kiki. Pansonga pake panathetheka kamoto kabuluu, kakang'ono zedi. Moto ulipo. Koma asanaibwezere anandionetsa mtundu wa nsongayo, chifukwa pulagi imaulula za m'kati mwa injini. Ikakhala yofiirira, zonse zili bwino. Ikada ndi mwaye, mafuta akuchuluka kapena mpweya ukuchepa. Ikayera mbuu, mafuta akuchepa ndipo injini ikutentha kwambiri. Ikanyowa ndi oyilo, marin'i a pisitoni ayamba kutha. Yake inali youma, kusonyeza kuti petulo sakufika. Anatseka kampopi ka pathanki, n'kumasula kambale ka pansi pa kabuleta. Pansi pake panali timatope tofiira, tochokera m'mafuta ogula m'mabotolo m'mbali mwa njira. Anatulutsa kajeti ka mkuwa, kochepa kuposa njere ya chimanga, n'kukaloza kudzuwa. Kabowo kake kanali kotsekeka. Anakatsuka, anakauzira mpweya, kuwala n'kuonekera. Anagwedezanso fumbi la m'sefa ya mpweya. Atamanga zonse anaponda kamodzi kokha, njinga n'kubangula, nkhuku n'kubalalika pabwalo.

Chimene chinandikoka mtima n'chakuti sanalote. Anafunsa mafunso motsatana mpaka vuto linadziulula lokha. Injini ya m'njinga yakeyo imagwira ntchito m'njira imene Nikolaus Otto anaikhazikitsa ku Germany mu 1876: kukoka mafuta ndi mpweya, kuzipanikiza, kuziyatsa, kutulutsa utsi. Msuweni wanga sanafike patali ndi sukulu, koma masitepe anayiwa amawadziwa ndi khutu. Anaphunzira poyang'anitsitsa nthawi iliyonse imene ankalipira wina kuti amukonzere, mpaka anaona kuti ndalama imeneyo ingagule yunifomu ya mwana.

Kufunika kwa lusoli kunaonekera bwino nditafika ku Vubwi. Dera limeneli linakhala boma palokha mu 2012, litachotsedwa ku Chadiza, chaka chomwe Sinda nayenso anaima payekha. Lili pakona, logundana ndi Malawi ndi Mozambique, ndipo midzi yake yatalikirana pakati pa mapiri. Kumeneko chitsulo chikathyoka, sitolo ya masipeya ili kutali, ndipo ulendo wokagula kanthu kamodzi ungadye tsiku lathunthu ndi ndalama yoposa mtengo wa kanthuko. Choncho sataya kanthu. Chubu chotha amachicheka malegeni omangira katundu. Tayala lagalimoto limasanduka nsapato kapena chomwera nkhumba. Sipoko lothyoka amalinola kukhala chobowolera. Ndinaona ngolo ikubadwa pabwalo la wowotcherera wina: ekiselo yake inachokera ku galimoto yakale imene inafera m'njira zaka zapitazo, matayala ake omwewo, pamwamba pake felemu ya zitsulo zowotcherera ndi matabwa opala kwa kalipentala woyandikana naye. Galimoto ija inaleka kuyenda, koma miyendo yake idzanyamula chimanga, manyowa, njerwa, ngakhale wodwala usiku, kwa zaka zina zambiri.

Amisiri a m'mphepete mwa msewu waukulu anandisimbira za 2024, chaka cha chilala chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anachilengeza kuti ndi ngozi yogwera dziko lonse. Madzi atatsika ku Kariba, magetsi ankazima m'madera ena maola oposa 20 patsiku. Owotcherera ankagona pafupi ndi makina awo kuti magetsi akangobwera pakati pa usiku adzuke n'kuyamba ntchito. Ena anasonkherana kugula jenereta, ndipo posakhalitsa anaphunziranso kuikonza okha. Wokonza njinga zakapalasa yekha ndiye sanaime, poti zida zake zimayendera mphamvu ya mkono.

Chikondi changa pa ntchitoyi chinabwera pamodzi ndi nkhawa. Ndinaona mnyamata akuwotcherera atavala magalasi a dzuwa, pamene kuwala kwa moto umenewo kumawotcha maso ndipo kumafuna galasi lake lakuda. Ndinaona wina atalowa pansi pa Corolla yoimikidwa pa jeke yokha, popanda chitsa kapena chitsulo choigwiriziza ikaterereka. Oyilo wakale ena amangomukhuthulira pansi, pafupi ndi pamene ana amasewera ndi pamene madzi a mvula amatsikira kudambo. Zimenezi sizifuna ndalama zambiri kuti zisinthe. Atsibweni amasunga oyilo wakale m'chigubu n'kumapaka mitengo ya khola kuti chiswe chisadye, ndipo salola munthu kugona pansi pa chinthu cholemera asanaikepo zitsa ziwiri.

Ndikukhulupirira kuti luso la m'mabwalo amenewa ndi chuma cha maboma a Katete, Sinda ndi Vubwi, chofanana ndi mtedza ndi thonje lawo. Mlimi amafika kumsika, mwana amafika kusukulu, mayi woyembekezera amafika kuchipatala cha St Francis ku Katete kapena cha Nyanje ku Sinda, chifukwa wina anagwada m'fumbi n'kumanga nati yoyenera. Njira yolikulitsira ilipo. Bungwe la TEVETA, lokhazikitsidwa ndi lamulo la 1998, limayesa amisiri n'kuwapatsa mapepala a ntchito yawo. Mu 2022 ndalama zotukulira madera za CDF zinakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu, ndipo gawo lina limalipirira achinyamata maphunziro a ntchito zamanja. Mnyamata kapena mtsikana amene wakulira pafupi ndi bokosi la zitsulo ali kale patsogolo, angofunika womulozera kumene mafomu amapezeka. Makolo nawonso asamathamangitse ana, makamaka aakazi, pamene njinga yagadamitsidwa. Awapatse nsalu agwirire timipira, awalole apukuse gudumu.

Nditabwerera ku Lusaka ndinapita kumsika kukagula masipanala, pulayazi, kakiyi ka masipoko ndi chitini cha girizi. Kunyumba kwa aneba kunali njinga ya mwana imene inakhala pakhonde chaka chonse tcheni chitachita dzimbiri. Loweruka lapitali tinaitsitsa ndi mwini wake wa zaka khumi, tinanyika tchenicho m'parafini, tinamata chubu, ndipo madzulo anali akuzungulira nayo mpanda. Anzake aona, ndipo abweretsa kale ina yopindika limu. Atsibweni ndawaimbira foni kuti Disembala ndikubwera, ndipo akuti injini ya pampu ya kudimba ikundidikira, tidzaitsegulire limodzi.