Limba la bambo anga ndi makaseti a atsibweni

Sabata yathayi mnyamata wina wa Fomu 3 anandifunsa funso lomwe landisowetsa tulo. Mnyamatayu amaimba gitala, ndipo wapeka nyimbo pamwamba pa nyimbo ya chimtali yomwe agogo ake aakazi amaimba. Anzake akumuseka kuti wangoba za kumudzi. Ndiye akuti, "Aphunzitsi, kodi kumeneku ndi kuba?"

Funsoli landikumbutsa malemu bambo anga. Iwo ankatsogolera kwaya kutchalitchi kwathu kuno ku Msundwe, ndipo ankaliza limba lija lopopa ndi mapazi. Ine ndinkadana nalo. Mtima wanga unali pa makaseti omwe atsibweni anabwera nawo kuchokera ku Joni m'zaka za m'ma 1980. Bambo ankati zimenezo ndi nyimbo za m'mabala, ndipo tinkakangana pafupifupi tsiku lililonse.

Tsiku lina madzulo ndinaika nyimbo ya gulu la Procol Harum yotchedwa A Whiter Shade of Pale, ya mu 1967. Bambo akuchokera kudimba anaima pakhomo, khasu lili paphewa. Ine ndinati lero wailesi iphwanyidwa. Koma iwo anangoti, "Iwe, tabwezera pamenepo." Anamvetsera kawiri, kenako nkuyamba kung'ung'udza mawu a besi, akutsika pang'onopang'ono ngati munthu wotsika makwerero. "Woliza limbayu amadziwa za m'tchalitchi," anatero.

Sananame. Patapita zaka ndinadzadziwa kuti kamvekedwe ka limba m'nyimboyo kanatsanzira Johann Sebastian Bach, yemwe anali mkulu wa zoimba m'matchalitchi a ku Leipzig kuyambira 1723 mpaka imfa yake mu 1750. Anyamata a ku England a nthawi imeneyo anatopa ndi nyimbo za mphindi zitatu. Anayamba kutapa kwa akatswiri akale nkumapanga nyimbo zazitali, zokhala ndi zigawo zingapo, zomwe zinatchedwa progressive rock. Gulu la Emerson, Lake & Palmer mu 1971 linaimba Pictures at an Exhibition, yomwe Modest Mussorgsky anapeka mu 1874, koma ndi ng'oma ndi malimba a magetsi.

Nkhani yomwe ndinamuuza mnyamata uja ndi ya gulu lomweli. Pa chimbale chawo choyamba cha mu 1970 anaikapo nyimbo yotchedwa The Barbarian, yochokera pa nyimbo ya Béla Bartók wa ku Hungary, koma osatchula dzina lake. A kubanja kwa Bartók atadandaula, dzinalo linaikidwa. Tsono chosangalatsa nchakuti Bartók yemweyo ankayenda m'midzi ya ku Hungary ndi Romania kujambula nyimbo za alimi, ndipo sankabisa komwe wazitenga. Taonani ulendowu: kuchoka kumudzi, kupita m'maholo a anthu ovala masuti, kukafika pa gitala ya magetsi.

Kuno kwathu malemu Wambali Mkandawire anachita zofanana. Mverani chimbale chake cha Zani Muwone cha mu 2002, mumva nyimbo za makolo a kumpoto zitakumana ndi jazi. Ndani anamutcha wakuba?

Choncho ndinamuyankha kuti kutapa moto kwa mnzako si kuba, bola upemphe ndipo unene komwe wautapa. Ndamutuma kwa agogo akewo kuti akawaimbire nyimboyo, akapemphe chilolezo, ndipo dzina lawo alilembe pamwamba pa lake.

Chomwe sindinamuuze nchakuti madzulo aja bambo anandiuza kuti Loweruka ndipite nawo kutchalitchi akandiphunzitse limba. Ine ndinati ndidzapita sabata ya mawa. Sabata ya mawayo siinafike. Limbalo linadyedwa ndi chiswe, eni ake anagona, ndipo lero ndimadziwa mbiri ya Bach koma zala zanga sizidziwa kanthu.

Mnyamatayu agogo ake akadalipo. Ndamuuza kuti apite Loweruka lomwe lino.