Masiku Aŵiri pa Bua

Ife a ku Kasungu timadziŵika ndi fodya, ndipo ukafika mwezi wa May nkhani yathu imakhala ya mabelo ndi mitengo ya ku msika wa Chinkhoma. Koma ndi angati mwa ife amene anayendapo pa mtsinje umene umamwetsa dziko lathuli? Ine ndakhala zaka zambiri ndikujambulira ana mtsinje wa Bua pabolodi: kuti umachokera ku Mchinji, ulandira madzi a Rusa, ulekanitsa Kasungu ndi Dowa, ndipo udutsa m'nkhalango ya Nkhotakota nukathira m'nyanja ya Malaŵi. Ndinalakalaka kuona ndi maso chimene ndimaphunzitsa.

M'chaka cha 2021 tchuthi cha pa 14 May chinagwa Lachisanu. Masika anali kutha, madzi atatsika, chisanu chikuyamba. Ndinabwereka bwato kwa msodzi wina wachikulire. Popeza safunsa anadya phula, ndinakhala naye pansi, ndipo iye anandiŵerengera maiŵe a ng'ona, nandilangiza kuti ndisagone pafupi ndi madzi. Mayi a kunyumba sanakondwe kuti munthu wa imvi apite yekha, komabe anandimangira ufa, mbatata, nsinjiro ndi bulangete.

Kupalasa wekha kumaphunzitsa kudekha. Ukakankha nkhafi mwaukali bwato limazungulira. Ukaligwira mofatsa limamvera. Ndinadutsa m'mabango ndi m'madambo, akakowa akuuluka patsogolo panga. Pamene panali mikuyu ndi mitengo ina m'mbali, gombe linali lolimba, ndipo madzi anali akuya ndi ozizira. Pamene anthu analima madimba kufikira m'madzi, gombe linali logumuka, ndipo kanayi konse ndinatsika kukoka bwato pamchenga.

Dzuŵa litapendeka ndinamanga msasa pamtunda, ndinasonkha moto ndi kuphika nsima. Usiku chinthu cholemera chinagwera m'madzi, ndipo mtima unagunda ngati wa mwana. Tulo tinathaŵa. Ndili maso choncho ndinazindikira kuti nkhuni za moto wangawo ndinazifuna nthaŵi yaitali, m'dera limene makolo athu amati kale linali thengo. Mitengo inapita kuti? Inapita m'mabalani oŵambira fodya, m'zigafa zoyanikira fodya, ndi m'makala. Nanenso ndimalima fodya, ndipo ndiye waphunzitsa ana anga. Choncho sindiloza munthu chala.

Komatu dothi lochoka m'minda mwathu silithera pano. Kumunsi kwa Bua nsomba ya mpasa imakwera kuchokera kunyanja kudzaikira mazira pa timiyala ta pansi pa mtsinje. Matope akakwirira timiyalato, mazira amafa. Nkhalango ya Nkhotakota yakhala ikusamalidwa ndi bungwe la African Parks kuyambira 2015, ndipo m'zaka za 2016 ndi 2017 anasamutsirako njobvu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi Majete. Mpanda ungathe kuteteza njobvu, koma sungathe kutsekereza matope ochokera kwa ife a kumtunda.

Loŵeruka ndinalaŵira nkhungu isanachoke, ndipo madzulo ndinafika pa mlatho wa msewu wa M1, pakati pa Madisi ndi Kasungu. Kumeneko ana a mwini bwato anali kundidikira. M'manja munali matuza, koma ndinakagona kwathu, ndipo Lamulungu ndinakhala pa mpando wanga m'tchalitchi.

Anyamata, musatengere ine kupita nokha. Mtsinje suseŵera ndi munthu. Pitani aŵiri kapena atatu, ndi munthu wodziŵa madziwo, mutatsanzika kwa makolo. Ndipo inu makolo anzanga, fodya tilime ndithu, koma aliyense akhale ndi kamunda kake ka mitengo, ndipo khasu lisafike pagombe. Pa sukulu pathu ana a Sitandade 7 anafesa mbewu za mitengo m'machubu chaka chomwecho, ndipo mvula itagwa mu December tinakaoka mbandezo m'mbali mwa kamtsinje kathu kamene kamathira m'Bua.