Mfuti ziwiri za amalume

Ambiri a ife tinaphunzira za mfuti mu vidiyo. Sindinena vidiyo ya pa foni imene muli nayo m'manjayi, koma ija ya m'kashedi ka malata kuseri kwa msika, momwe tinali kulipira pakhomo, kupanikizana pa benchi, ndi kuonerera Rambo ndi Commando mpaka maso kufiira. Potuluka, aliyense anali atasankha kale yake. Anyamata aphokoso anali kufuna Desert Eagle, cimfuti cija conyezimira, osadziwa kuti cimalemera pafupifupi makilogalamu 2, ngati paketi ya shuga. Yesani kuyenda tsiku lonse ndi paketi ya shuga m'lamba wa buluku.

Matendawa si a ana a m'komboni okha. Mu 1971, filimu ya Dirty Harry itatuluka, anthu ku America anathamangira ku masitolo kukagula volovolo yonga imene Clint Eastwood anagwira, Smith & Wesson Model 29 ya .44 Magnum, mpaka inasowa pamsika. Ambiri ataiombera kangapo anapeza kuti imamenya dzanja ngati bulu waponya mwendo, ndipo makutu amatsala akulira. Zambiri zinagulitsidwanso zikali zatsopano.

Pabanja pathu, munthu yekhayo amene anakhala ndi mfuti ya m'manja mwalamulo anali amalume, mlongo wao wa amai. Anali ndi golosale ku Matero, ndi kalole kotengera nyemba ndi nshawa ku Petauke ndi ku Katete. Ca m'ma 1996, nthawi imene makampani a boma anali kugulitsidwa ndipo anthu anali kucotsedwa nchito mwaunyinji, amuna atatu analowa m'golosale pa nthawi yotseka. Mmodzi yekha ndiye anali ndi mfuti. Anawagoneka pansi amalume ndi kutenga ndalama za tsikulo. Za ndalamazo sanali kuzikambanso. Cimene cinawakhala pamtima ndi cakuti mmodzi wa anthuwo anawaponda pakhosi ndi nsapato, mnyamata wao wa nchito akuona.

Anayamba mapepala mwezi womwewo. Lamulo la mfuti m'dziko muno ndi Firearms Act, Caputala 110 ca malamulo a Zambia, ndipo silicita zinthu mothamanga. Ufunika kukhala ndi zaka 21, kupita kupolisi, kudinda zala, kufotokoza cifukwa cake ufuna mfuti ndi kumene udzaisunga. Nambala ya mfutiyo imalembedwa m'kaundula wa boma pamodzi ndi dzina lako, ndipo laisensi ikatha umapita kukaikonzanso. Amalume anagula bokosi lacitsulo, nalimangirira ku cipupa mkati mwa wadiropu ndi mabauti anai.

M'mutu mwao munali pisitolo yakuda, yopyapyala, ya magazini. Koma ndalama zao zinakwanira volovolo yakale ya .38, Smith & Wesson Model 10, imene mwini wake woyamba anali mlimi wokalamba. Utoto unali utapekesuka m'mbali, cigwiriro ca mtengo cinali cosalala ngati mpini wa khasu lakale. Mtundu umenewu unayamba kupangidwa mu 1899, ndipo ukalamba wakewo unali kuonekera. Anzao anaiseka, ati ya makauboyi, ati mwina inamenya nao nkhondo ya Hitler. Iwo omwe anali kuicha “cakale cija”, ndipo kwa caka cathunthu anali kulankhula za tsiku limene adzaisinthe.

Pamene ndinapita kukakhala kwao kuti ndiphunzire sekondale, mu 2003, anali atasiya kuicha conco. Tsiku la Sondo lililonse, tikabwera ku chalichi, anali kuyala nyuzipepala pa bedi, kutenga kansalu ndi mafuta a makina osokera, ndi kuipukuta pang'onopang'ono. Ine anali kundilola kuima pakhomo cabe.

“Muphwa, iyi uziiona ndi maso. Manja m'thumba.”

Ndinaima pakhomopo masabata ambiri, ndipo ndinamva cimene cinawasintha mtima. Volovolo ili ndi kagudumu ka zipinda 6. Ukakankhira kaguduko kumanzere, zipinda zonse zimaonekera nthawi imodzi. Ukakhuthula zipolopolo ndi kukakweza ku windo, umaona kuwala kupyola m'mabowo onse 6, ndipo palibe kwina kumene cipolopolo cingabisale. Tiriga yake njolimba: kuti ikokeke, cala cifunika mphamvu yonga yonyamulira makilogalamu 5, ndiye n'kovuta kuti iombe cifukwa cakuti wadzidzimuka kapena wakodwa m'malaya. Cipolopolo cina cikakana kulira, umangokokanso, kagudumu kazungulira, kabweretsa cina. Ilibe tomasulira tambirimbiri toti munthu azikumbukira mumdima mtima ukugunda. Ingagone m'bokosi zaka, n'kudzuka ili bwinobwino.

“Iyi siinama,” anali kutero. “Ukaitsegula ikuuza zonse zili m'mimba mwake.”

Nkhani yonga iyi inacitikiranso mfuti imene lero oimba ambiri amaichula m'nyimbo. Gaston Glock wa ku Austria anali kupanga zitsulo zopacikira makatani ndi mipeni ya asilikali. Mfuti anali asanapangepo. Pamene asilikali a dziko lake anasankha pisitolo yake mu 1982, akatswiri ambiri anainyoza cifukwa thupi lake linali la pulasitiki ndipo inali yonyansa ngati njerwa. Filimu ya Die Hard 2 ya mu 1990 inaonjezera bodza lakuti siioneka pa makina a pa eyapoti. Amene anaigwiritsa nchito anapeza kuti njopepuka, imanyamula zipolopolo 17, ndipo siikana kuomba m'fumbi kapena m'matope. Lero apolisi ambiri ku America ndi imene amanyamula.

Koma munthu saiwala cimene anakhumba poyamba. Mu 2004 bizinesi itayenda bwino, amalume anatenganso mapepala ndi kugula kapisitolo kakang'ono, kooneka ngati ka James Bond. Ka Bond mwiniwake ndi Walther PPK, ndipo nako kanabwera mocedwa: Ian Fleming poyamba anam'patsa Beretta yaing'ono, mpaka katswiri wina wa mfuti wa ku Glasgow, Geoffrey Boothroyd, anamulembera kalata kuti mfutiyo njofooka kwa munthu wa nchito yotero, ndipo m'buku la Dr No la mu 1958 Bond anasinthiridwa. Ka amalume sikanali Walther. Makampani ambiri anakopera kapangidwe kameneka, ndipo kao kanali kamodzi mwa totere. Kanali kokongola ndithu. Kanali kulowa m'thumba la jekete osaonekera, ndipo sabata yoyamba anali kukatulutsa kawirikawiri popanda cifukwa, monga mmene mnyamata amatulutsira foni yatsopano.

Tsiku limene anapita kukakayesa pamalo oomberapo, anabwera ndi pulasitala padzanja. Pisitolo ikaomba, citsulo capamwamba cimathamangira kumbuyo kuti citaye cikhungwa ndi kutenga cipolopolo cina. Amalume anali ndi manja a munthu wonyamula masaka, ndipo mnofu wa pakati pa cala cacikulu ndi colozera unali kutuphukira pamwamba pa cigwiriro. Citsulo cija cinawaceka mizere iwiri yoyandikana ngati njanji. Akakagwira molekerera poopa kucekedwa, citsuloco sicinali kubwerera bwino, cikhungwa n'kukodwa pakhomo, mfuti n'kuima. Anayamba kukacha “kamwano”.

Cacikulu cinacitika pa Sondo lina masana. Pisitolo ili ndi msampha umene volovolo ilibe: ungacotse magazini, koma cipolopolo cimodzi n'kutsala m'kacipinda ka kumpope. Ufunika kukokera citsulo capamwamba kumbuyo ndi kusuzumira mkati. Amalume anali kuzidziwa zimenezi, anali ataphunzitsidwa. Koma manja ao anali ndi zaka 8 za cizolowezi cina, cakuti zipolopolo zikagwera pa nyuzipepala ndiye kuti basi. Anacotsa magazini, anaiika pambali, anatenga kansalu.

Ine ndinali panja, kucapa yunifomu. Phokosolo silinali ngati la mu filimu. Linali louma, lalifupi, ngati thabwa lathyoka, kenako magalasi. Cipolopolo cinaboola citseko ca cipinda, cinadutsa pabalaza, ndi kulowa m'kabati ya mbale zimene a anti analandira pa kichini pati yao. Pansi pa kabatiyo panali msuweni wanga wa zaka 7, atagona cafufumimba pa simenti, akulemba homuweki. Magalasi anamugwera pamsana. Akanakhala kuti waimirira kusongola pensulo, monga anali kucitira kawirikawiri, bwenzi ndikulemba nkhani ina.

A anti sanakuwe. Anam'dzutsa mwanayo, anam'vula diresi, anam'yang'ana thupi lonse, anasesa magalasi. Kenako analongeza cola ndi kupita naye kwa akulu ao ku Chilenje, ndipo anakhalako masabata awiri. Ankhoswe atakhala pansi, mau ao anali amodzi: kamwanoko kacoke. Amalume sanatsutse. Anakabwezera kwa wogulitsa, mapepala onse motsatira lamulo, ndipo analuza pafupifupi theka la ndalama zao. Anafuna kumata bowo la pa citseko, a anti anakana. Linakhala pomwepo, lokwana cala camkombaphala, ndipo alendo akafunsa anali kuyankha kuti, “Funsani eni nyumba.”

Ndikaona zithunzi zimene anyamata ena amaika pa Facebook ndi pa TikTok, pisitolo itatsamira pa tsaya, maso anga amapita pa cala. Nthawi zambiri cimakhala pa tiriga. Zina mwa mfutizo ndi zoseweretsa, koma zina ndi zenizeni, ndipo zili ndi mbiri yaitali kuposa ya wozigwira. M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, Lusaka inali mudzi wa omenyera ufulu a ANC ndi ZAPU, amene zida zao zambiri zinali za ku Soviet Union. Makarov, ya zipolopolo 8, asilikali a kumeneko anayamba kuigwiritsa nchito mu 1951. Tokarev ndi yakale kuposa apo, ndipo mmene inapangidwira poyamba inalibe kokhomera kuti isaombe mwangozi. Mfuti ya mtundu umenewu ikafika m'manja mwa mnyamata wa zaka 19 ku Kanyama kapena ku Chawama, yadutsa kale m'manja ambiri, yagona m'denga ndi m'dzenje, ndipo palibe amene anam'phunzitsa kusuzumira m'kacipinda kaja. Amalume anali ndi zaka zopitirira 40, osaledzera, ophunzitsidwa, masana dzuwa likuwala, koma anaphonya mwana wao ndi masentimita owerengeka. Pamwamba pa izo pali lamulo. Pa gawo 294 la Penal Code, kuba mwaciwawa kumayambira zaka 15 m'ndende, ndipo ngati panali mfuti cilango cinali imfa mpaka mu Disembala 2022 pamene cinacotsedwa; tsopano ndi moyo wonse m'ndende. Wobwereka mfuti amabwerekanso milandu imene mfutiyo inapalamula iye asanaione.

Volovolo inatsala, ndipo amalume anaikonda kuposa kale. Koma ine ndimaona kuti inawalamulira kwambiri kuposa mmene iwo anailamulira. Anasiya kupita ku thaveni, cifukwa kupita nayo kunali kosatheka ndipo kuisiya kunali kuwasowetsa mtendere. Kiyi ya bokosi inali pa cingwe m'khosi, ngakhale posamba. Pa maliro, amuna anzao akamacezera pa moto mpaka m'mawa, iwo anali kunyamuka ca m'ma 22 koloko, ndipo acibale ena anali kuwanena kuti ndi odzikonda. Mwana wa mnansi akalowa m'nyumba, maso ao anali pa citseko ca cipinda. Golosale inathyoledwa kawiri pambuyo pake, usiku, akuba atang'amba lata. Anatenga saladi, shuga ndi makhadi a tokutaimu, volovolo ili m'tulo kunyumba, mtunda wa makilomita awiri.

Pa zaka zoposa 20 sanailozetse munthu ngakhale kamodzi. Ndinawafunsa tsiku lina, nditakula, kuti nanga phindu lake linali ciani. Anati kuyambira tsiku la nsapato pakhosi sanagone bwino mpaka bokosi lija litamangiriridwa ku cipupa. A anti, amene anali kusenda tomato pafupi, anati iwo anasiya kugona bwino tsiku lomwelo.

Amalume anamwalira mu 2019 ndi matenda a shuga. Pogawa katundu, masuti, nsapato ndi wailesi zinapeza eni ake msanga, koma maso a asuweni anga aamuna anali ku wadiropu. Mfuti siigawidwa ngati jekete. Laisensi ndi ya munthu mmodzi, ndipo mwini akamwalira imafunika kuperekedwa kuti isungidwe mpaka wina atapeza mapepala akeake. Ine ndi mwana wao woyamba tinaperekeza a anti kupolisi, volovolo itakulungidwa m'citenje mkati mwa cikwama cao ca ku chalichi. Wapolisi anatsegula kagudumu, anakakweza ku windo monga momwe amalume anali kucitira, anawerenga nambala kawiri, nalemba risiti. Msuweni wanga anatenga mafomu tsiku lomwelo kuti adzaitenge ikhale yake. Mpaka lero akali m'envulopu, osadzazidwa.

Bokosi lacitsulo sanathe kulicotsa, mabauti anacita dzimbiri. A anti amasungamo mapepala a nyumba, makhadi a kusikelo a adzukulu, ndi ndalama za cilimba.