Boneti ya Galimoto ya Bambo

 Sabata ino ndikufuna tikambeko za chitsulo, osati chikondi kapena ndale. Funso langa kwa inu ndi ili: chinthu chakale chikawonongeka, mumachikonza mpaka pati chisanasanduke china?

Kwathu kuli Land Rover ya mtundu wa Series IIA, ija yaitali ya mainchesi 109. Poyamba inali ya asilikali, ndipo bambo adaigula pa okushoni ine ndisanabadwe. Yanyamula chimanga, odwala, akwati ndi maliro. M'dzinja lathali nthambi ya mango idathyoka n'kugwera pa boneti, pomwe pamakhala tayala la sipeya. Pakati padabonyoka, ndipo m'mbali mudang'ambika ngati khutu la mbuzi.

Achimwene sadachedwe. "Iwe, maboneti a Series ali mbwee kwa ogulitsa zotsalira za magalimoto. Tigule ina, tipente, basi." Ndipo sadaname. Boneti ya galimoto zimenezi imavuka mosavuta, mumangoitukula n'kuisolola pa mahinji, ndipo ina imalowa tsiku lomwelo. Nanga bwanji ndidakana?

Kuti mundimvetse, muyenera kudziwa chomwe boneti imeneyi ili. Land Rover yoyamba idaonetsedwa ku Amsterdam mu 1948. Maurice Wilks, wa kampani ya Rover, adatengera nzeru pa Jeep ya nkhondo yomwe ankagwiritsa ntchito pa munda wake ku Anglesey. Nkhondo itangotha chitsulo chinkasowa ku Britain, choncho thupi la galimotoyi adalipanga ndi Birmabright, aluminiyamu wosakaniza ndi magnesium. N'chifukwa chake mumaona ma Land Rover akalekale, ngati yathuyi ya m'gulu lomwe lidapangidwa pakati pa 1961 ndi 1971, thupi lili bwinobwino pomwe anzake adadyedwa kale ndi dzimbiri.

Koma pali chinsinsi chomwe ambiri sachidziwa. Khungu la boneti ndi aluminiyamu, pomwe felemu ya kunsi kwake ndi chitsulo, ndipo ziwirizi zidalumikizidwa ndi mariveti. Madzi akalowa pakati, zitsulo ziwiri zosiyanazi zimayamba kudyana, ndipo aluminiyamu amasanduka ufa woyera. Titaitembenuza yathu tidapeza kuti nthambi ija idangomaliza ntchito yomwe chinyontho ndi kulemera kwa tayala zidayamba zaka zambiri zapitazo. Felemu inali itaola, yoti mutha kuiboola ndi chala.

Ndidapita nayo kwa mmisiri wina wachikulire wowongola magalimoto. Adaisisita ndi chikhatho, kenako adatenga sandipepa n'kupala kagawo kakang'ono pakona. Abale inu, penti idatuluka mosanjikizana ngati masamba a anyezi. Pamwamba ya buluu yomwe tidapaka ife. Pansi pake yoyera ya nthawi yomwe bambo ankanyamula katundu wa anthu. Pansi penipeni yobiriwira yosawala, ya asilikali. "Mwanawe," adatero, "ukagula ina, ugula mbiri ya munthu wina."

Ntchito yake si ya munthu wopupuluma. Aluminiyamu mukamamumenya amauma, ndipo mukapitiriza amang'aluka. Ndiye amafunika kumufewetsa ndi moto kaye. Vuto n'lakuti safiira ngati chitsulo kuti akuchenjezeni. Amangooneka chimodzimodzi mpaka pa madigiri pafupifupi 660, pomwe amasungunuka mwadzidzidzi n'kukusiyirani dzenje. Mukudziwa chomwe mmisiri uja adachita? Adapaka sopo wamtanda, yemweyu wochapira, pamalo obonyokawo, n'kumayendetsa moto kuseri kwake pang'onopang'ono. Sopo atada, adachotsa moto. Chitazizira, adayamba kugogoda ndi hamala yamtengo, kuyambira m'mphepete mwa chibonyocho kulowera pakati. Akagogoda pang'ono, n'kusisita, n'kufewetsanso. Masiku atatu, pa malo osaposa mbale ya nsima.

Mariveti onse adawaboola ndi dirilo. Felemu yoolayo tidaitaya ndithu, ndipo adapinda ina yatsopano potengera yakaleyo. Asanalumikize adapenta felemuyo n'kuika chotchinga pakati pa zitsulo ziwirizi kuti zisakhudzanenso. Pong'ambika paja adaika chigamba cha aluminiyamu kunsi. Penti wamba sagwira pa aluminiyamu wopanda kanthu, amasupuka ngati khungu la njoka, choncho adayamba ndi etch primer, yomwe imaluma chitsulocho kuti penti ipeze pogwira.

Tsopano ena mwa inu munena kuti, "Aise, felemu yatsopano, mariveti atsopano, penti yatsopano, ndiye wasunga chiyani?" Achimwene adafunsa zomwezo, ndipo adawonjeza kuti ndalama zomwe zidapita zikadakwana kugula ina n'kutsalako ya mafuta. Masamu awo ndi olondola. Ndipo ndikuuzeni mosabisa: boneti ikaphwanyikiratu, kapena felemu ikakhala yoti singagwire loko, musalimbane nayo. Boneti yotseguka galimoto ikuthamanga imatseka maso a dalaivala, ndipo mbiri siiposa moyo wa anthu. Kusintha si tchimo.

Koma pamene khungu likadali lolimba, ine ndimati lisungidwe. Bambo masiku ano sayendetsanso, maso adafooka, ndipo mayina a adzukulu amawasokoneza. Chomwe saiwala ndi kachibonyo kena kakang'ono ka kumanzere, komwe ng'ombe idagunda akuchokera kumsika. Mmisiri adafuna kukawongola, ine ndidati akasiye. Galimoto itabwera adayendetsa dzanja pa boneti mpaka adakapeza, n'kufotokoza nkhani yonse ya ng'ombe ija, mwini wake ndi mtsutso wa kwa amfumu, osaphonya ngakhale pamodzi. Achimwene anali pomwepo, ndipo za masamu sadazitchulenso.

Kunsi kwa boneti tidasiya kagawo kosapenta, kofanana ndi bokosi la machesi, kuti yemwe adzaitsegule patsogolo adzaone mitundu itatu ija.

Ndiye ndikusiyirani inu. Kwanu kuli chiyani chomwe mwatsala pang'ono kutaya chifukwa chatsopano n'chotchipa? Mwina ndi njinga ya agogo, makina osokera a amayi, kapena wailesi yomwe idasiya kulankhula. Musanaitane ogula zitsulo, palani kaye pakona, muone zomwe zili pansi pa penti. Tiuzeni m'munsimu zomwe mwapeza.