Comet ya m'Katoni

Pa 2 May 1952, ndeke yochedwa Comet inanyamuka ku London ndi anthu 36 kupita ku Johannesburg. Inali jeti yoyamba pa dziko lonse kunyamula anthu olipila tikiti. Panjila inatela ku Rome, Beirut, Khartoum, Entebbe, ndipo isanafike ku Joni inapumila ku Livingstone, kwathu kuno. Ulendo wonse unatenga maola 23 ndi mphindi 40. Ine ndinaphunzila mpaka ku yunivesite, koma nkhaniyi sindinaimve m'kalasi iliyonse. Ndinaidziwa cifukwa ca katoni yakale imene ndinagula pa msika wa zinthu zogwilitsidwa kale nchito, itapanikizika pansi pa mabuku a fumbi.

Munali ndeke ya pulasitiki yosamanga, ya kampani ya Airfix, ya mtundu umene anayamba kugulitsa mu 1961. Sikelo yake ndi 1:144, kutanthauza kuti ndeke ya mamita 36 imakhala masentimita 25 cabe. Mnzanga wina ataona kuti kapepala ka mkati n'kosang'ambika anati, "Iwe, usatsegule. Kunja kuli anthu amene amagula zotele, ndipo ukangomata mtengo watha." Unali pakati pa mwezi, ndipo malipilo a mphunzitsi mumawadziwa. Katoniyo inakhala pamwamba pa wadilopu masiku asanu. Tsiku la cisanu ndi cimodzi ndinang'amba kapepalako. Kwa ine, ndeke imene yadikila zaka zonsezi m'zidutswa yadikila mokwanila.

Pulasitiki yokalamba ili ndi mwano. Mbali ziwili za thupi la ndekeyo zinali zitapindika, ukagwila kumutu kumcila kwatseguka. Ndinazimanga ndi malabala ndi mapegi oyanikila zovala, n'kuzisiya usiku wonse. Mzele wotsala pamsana ndinaupala ndi kafayelo ka zikhadabo ka mlongo wanga, amene mpaka lelo amakakumbutsa. Covuta kwambili cinali tumapepala twa zizindikilo. Tunali tutasanduka twacikasu monga mano a wosuta fodya. Ndinatumata pa windo kuti dzuwa la October lituyeletse, ndipo patapita mlungu tunayela ndithu. Ndisanatuviike m'madzi ndinatupaka vanishi, apo ayi tukanangomwazika ngati phulusa. Malaiti akapita, ndinali kupitiliza ndi toci ya pa foni nditailuma ndi mano.

Ndeke yanga si imene inatela ku Livingstone. Iyi ndi Comet 4B ya kampani ya BEA, yamapiko ofiila, mng'ono wake wa ija. Kusiyana kumaonekela pa mawindo: yanga ili ndi ozungulila ngati dzila, pamene yoyamba inali ndi amakona. Pa 10 January 1954, ndeke yomweyo imene inaima ku Livingstone inasweka m'mwamba pafupi ndi cisumbu ca Elba, ndipo anthu onse 35 anafa. Mu April ina inasweka pafupi ndi Naples. Akatswili a ku Farnborough anatenga Comet yathunthu n'kuimiza m'thanki ya madzi, kumaipopa ndi kuiphwetsa mobweleza-bweleza monga mmene imacitila ikakwela ndi kutsika. Itafika maulendo pafupifupi 3,000 inang'ambika, ndipo mng'alu unayambila pa kona. Citsulo cinali citatopa.

Pamene ndinali kuyeletsa tumawindo tumeneto na singano, maganizo anapita kwa ambuye anga. Iwo anali kusimba kuti masiku amenewo munthu wakuda sanali kuloledwa kulowa m'masitolo ambili a m'tauni. Anali kugulila pa kawindo ka kumbali, nyama n'kumupatsa itakulungidwa kale, osaiona. Ndiye jeti yoyamba ya dziko lonse inali kutela pa nthaka yathu, eni nthaka akali pa mzele wa pa kawindo. Bwalo la ndeke la ku Livingstone lelo limachedwa Harry Mwaanga Nkumbula, munthu amene cipani cake cinalimbana ndi tumawindo tumeneto. Sindinamangile ndekeyi kulakalaka masiku aja. Ndi yokongola, mainjini ake anayi obisika m'mapiko, ndipo n'zotheka kuikonda uku ukudziwa amene anali kukhalamo ndi amene anali kungoyang'ana kumwamba.

Nditaimaliza ndinapita nayo ku kalasi yanga ya sayansi kuti ndiphunzitse za kutopa kwa citsulo. Ndinali nditakonza mau ambili. Mnyamata wina wa kumbuyo, amene kukomboni amadziwika ndi magalimoto a mawaya, anandidula: "Aticha, ndiye monga waya. Ngati mulibe pulaya mumangoipinda-pinda, iyamba kupya, basi yaduka. Ndipo imadukila pamene mwapinda kwambili." Ndinaika coko pansi n'kumuitana kutsogolo kuti aonetse anzake. Kenako anainyamula ndekeyo, n'kuizunguza, n'kufunsa cifukwa cake mawilo sayenda. Ndinamuuza kuti ndi omata. Anapukusa mutu, n'kupempha kuti ndimubweleke pepala la malangizo pa wikendi. Akuti yake idzakhala ya mita imodzi, ndipo mawilo adzakhala a tuzitsekelo twa mabotolo.